Makina akasiya kumvana, tiyambe tafunsa njira

Pa tchuthi chathachi ndinakakhala kwa amalume anga, amene ndi makaniko pa kampani ina yokonza misewu. Tsiku lina chikatapila chokumba dothi chinangozima, n'kukana kuliranso. Dizilo analimo, batire linali lamphamvu, koma pa galasi la woyendetsa panangotuluka manambala. Akuluakulu a pamalopo anagamula kuti kompyuta ya injini yapsa, ndipo anaitanitsa ina kuchokera ku Johannesburg. Masabata awiri anatha. Malole onyamula dothi anangoima, aganyu anabwezedwa kwawo opanda malipiro, mvula nayo ili pafupi. Kompyuta yatsopano itafika n'kuikidwa, chikatapila chija sichinalirebe.

M'nkhani ino ndikufuna kunena kuti zotayika zoterezi zimabwera chifukwa amakaniko athu sanaphunzitsidwe kumva zimene makina amakono amauzana, ndiponso kuti vutoli tingathe kulichepetsa.

Tiyambe ndi mmene makinawa amagwirira ntchito. Chikatapila chamakono chili ndi timakompyuta tingapo: ka injini, ka mapampu a oili wonyamulira mkono wokumbira, ka galasi la woyendetsa, ndi tina. Tonseti timatumizirana mauthenga kudzera pa mawaya awiri opotana, omwe kawirikawiri amakhala wachikasu ndi wobiriwira. Njira imeneyi imatchedwa CAN, ndipo kampani ya Bosch ya ku Germany inaionetsa koyamba m'chaka cha 1986. Makina ambiri akuluakulu a dizilo amatsata malamulo a kalankhulidwe otchedwa J1939, amene anakonzedwa ndi bungwe la mainjiniya la SAE ku America. Kompyuta imodzi ikasiya kumva zinzake, makina amachepetsa mphamvu kapena kukana kulira kumene.

Ife ophunzira za zilankhulo nkhaniyi siyachilendo kwenikweni. M'chaka cha 1960, Roman Jakobson anafotokoza kuti pa kulankhulana kulikonse pamafunika wolankhula, womvera, uthenga, nkhani imene ikukambidwa, chilankhulo chimene onse akuchidziwa, komanso njira yodutsamo uthengawo. Chimodzi mwa izi chikasokonekera, kumvana kumatha. Munthu amene lamya yake yaduka sitimuthamangitsira kuchipatala kuti akamuone lilime. Koma izi n'zimene zinachitika pa chikatapila chija: anaweruza wolankhula asanaone njira.

Amalume atapatsidwa mpata, anachotsa waya wa batire, n'kutenga kamita kawo koyezera magetsi. Anandiuza kuti, "Mphwanga, gwira apa, usagwedeze." Anandifotokozera kuti kumapeto onse awiri a mawaya aja kumakhala kachipangizo koletsa uthenga kubwerera ngati mawu a m'phanga, kalikonse ka ma ohm 120. Zonse zikakhala bwino, mita imawerenga ma ohm 60 pakati pa mawaya awiriwo. Ikawerenga 120, ndiye kuti waya waduka penapake kapena kachipangizo kamodzi kasowa. Ikawerenga pafupi ndi 0, mawayawo akhudzana. Tsikulo mita inawerenga 120. Anatsatira mawaya pang'onopang'ono mpaka anapeza polumikizira pena pamene panalowa madzi, kachitsulo kake katadyeka ndi dzimbiri. Ntchito yonse sinathe maola atatu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Manambala a pa galasi aja nawonso anali akunena zoona kuyambira tsiku loyamba. M'malamulo a J1939, uthenga wa vuto umakhala ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu. Nambala ya SPN imatchula chinthu chimene chavuta, pamene ya FMI imatchula mtundu wa vutolo. Pa galasipo panalembedwa SPN 639 ndi FMI 9. Yoyambayo imaloza njira ya mauthenga ija, yachiwiriyo imatanthauza kuti mauthenga sakufika pa nthawi yake. Tingati ndi chiganizo chokhala ndi mwininkhani ndi mneni. Panasowa wochiwerenga basi.

Sindikunena kuti kompyuta siipsa. Imapsa ndithu, makamaka wina akawotcherera chitsulo pa makina osachotsa mawaya, kapena akalumikiza batire mosemphanitsa. Koma makina okumba amakhala pa fumbi, pa dzuwa, m'matope, akunjenjemera tsiku lonse, ndipo zoyamba kutopa ndi mawaya ndi molumikizira. Nzeru ndi kuyamba ndi chotsika mtengo chimene chimavutavuta, kenako n'kumapita ku chodula.

Nanga n'chifukwa chiyani amakaniko aluso, odziwa kumasula injini yonse n'kuibwezera, amagwa mphwayi akaona manambala? Chifukwa choyamba n'chakuti ambiri anaphunzira ntchito pa galaja, pa makina akale amene matenda ake amamveka ndi khutu. Chachiwiri, mabuku ofotokoza manambalawa ali m'Chingerezi chovuta cha mainjiniya. Chachitatu, mapulogalamu ounikira makina mozama, monga Cat ET ya Caterpillar, amafuna chilolezo cholipira ndi chipangizo chake cholumikizira, zomwe makaniko wamba sangazikwanitse.

Dandaulo lachitatuli lilinso kumaiko olemera. Ku America alimi akhala akulimbana ndi kampani ya John Deere pa za ufulu wokonza okha mathirakitala awo. Mu Januwale 2023 kampaniyo inasainirana pangano ndi bungwe la alimi la American Farm Bureau Federation lolonjeza kuwapatsa zida ndi mabuku, ndipo mu Januwale 2025 bungwe la boma la Federal Trade Commission linaisumira pa nkhani yomweyo. Opanga makina amati akatsekula zonse, anthu adzasokoneza zoteteza miyoyo ndi zochepetsa utsi. Mfundo imeneyi ndi yomveka, ndipo sindikupempha kuti aliyense azisintha mapulogalamu a injini. Kuwerenga chimene chavuta ndi nkhani ina. Mwini makina ayenera kudziwa chimene makina ake akudwala.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Sukulu za ntchito zamanja zimene zili pansi pa TEVETA ziphunzitse kuyeza mawaya a mauthenga ndi kuwerenga manambala a mavuto monga zimaphunzitsira kugwira sipanala. Boma ndi makampani akamagula makina, pangano lizinena kuti mabuku, zida zounikira ndi maphunziro a amakaniko zibwere limodzi ndi makinawo. Chomaliza chikutikhudza ife a zilankhulo. Titakhala pansi ndi amakaniko, tingathe kulemba timabuku tachidule m'Chichewa tofotokoza njira zoyezera, pogwiritsa ntchito mawu amene iwo eni amatchulira zinthuzi pa galaja. Mawu opeka muofesi amene palibe angawazindikire sangathandize.

Kompyuta yakale ya chikatapila chija anaibwezeramo, ndipo ikugwira ntchito mpaka lero. Yatsopano ija ili m'bokosi lake mu sitolo ya kampani. Aganyu aja malipiro a masabata awiri sanawaonenso, ndipo ndi iwo amene ndimawakumbukira ndikamalemba nkhaniyi.