Chepetsani Zida, Asodzi Anzanga

Ine ndikuti msodzi wolowa m'nyanja ndi chilimira, nkacha, nyali zambirimbiri ndi neti ya udzudzu si katswiri ayi; akubera zidzukulu zake. Makolo athu ankanyamula mbedza, mono ndi nkhafi, koma ndiwo sizinkasowa. Taonani Nyanja ya Malombe: makoka a maso ang'onoang'ono atachuluka, chambo chinazilala m'zaka za m'ma 1990. Lamulo la usodzi lilipo, koma lamulo silikwera bwato, okwera ndinu. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, Mfumu Makanjira imatseka usodzi dzinja lililonse kuti utaka uswane. Mukuti ndi umphawi? Nanga nsomba zikatha, umphawiwo udzachepa? Neti ya udzudzuyo isiyeni kuchipinda, iteteze ana ku malungo.