Nyuzi isanakulungire chipisi

Nyuzipepala zambiri m'dziko muno zimathera kwa wogulitsa chipisi kapena usipa zitawerengedwa ndi munthu mmodzi yekha. Bambo amaitambasula pakhonde mpaka nkhope kubisika, ndipo mwana akati asuzumire chithunzi cha patsamba loyamba amangouzidwa kuti akasewere uko. Mawa lake tsamba lomwelo lanona mafuta pamsika. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa pepala logulidwa modula chotero likadatha kuyambitsa macheza a banja lonse.

Kale ana ankaphunzira kumvetsera ndi kuyankha pamoto madzulo, pa nthano ndi ndagi. Masiku ano makomo ambiri amadya mgonero aliyense maso ali pafoni, ndipo kholo likayankhula ndi mwana ndiye kuti likumutuma kapena kumukalipira. Nyuzi imabweretsa nkhani imene si mlandu wa wina aliyense pakhomopo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwana aliyense adaona shuga akuchepa m'tiyi, koma ndi angati adafotokozeredwa chifukwa chake? Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, zithunzi za m'nyuzi zikadatha kutsegula nkhani ya mitengo, ya makala amene timaphikira, ya malo omangapo nyumba. Ngakhale tsamba la masewero ndi poyambira pabwino: mwana wokangana ndi bambo ake za Maule ndi Manoma akuphunzira kupereka chifukwa cha zimene akunena.

Ena adzati nyuzi ndi ya Chingerezi. Nanga Tamvani wa mu Weekend Nation, Msangulutso wa mu Nation on Sunday ndi Tikambe wa mu Malawi News amalembera yani? Ena adzati ndi yodula, ndipo n'zoona, koma ya sabata yatha yobwereka kwa aneba imagwira ntchito yomweyo. Kholo losadziwa kuwerenga nalonso lisadzione ngati latsalira. Kuyambira 1994, pamene sukulu ya pulayimale idakhala yaulere, makomo ambiri ali ndi mwana wodziwa zilembo. Iye awerenge mokweza, agogo amasulire zimene pepalalo silinanene, poti mtengo wa feteleza ndi chaka cha njala amazidziwa kuposa mtolankhani.

Chodandaula chachikulu n'chakuti nyuzi zadzaza katangale, kugwiririra ndi kuphana. Kholo lili ndi ufulu wosankha tsamba molingana ndi msinkhu wa mwana. Koma tisadzinamize: wa Sitandade 7 nkhanizo wazimva kale mu minibasi ndi pa WhatsApp, zopotozedwa, popanda womuuza chabwino ndi choipa.

Muzu wa vuto losakambirana nkhani ndi ana ndi mawu aja akuti "izi ndi nkhani za akulu". Timakonda kunena kuti safunsa adadya phula, koma mwana wofunsa timamutcha wamwano. Kenako timadabwa aphunzitsi akamadandaula kuti ana sakweza dzanja m'kalasi, timadabwanso anthu akamaombera m'manja wandale aliyense osamufunsa kumene ndalama za chipatala zidapita. Mtima wofunsa umamera pamphasa yakwathu, ndipo ulemu suchepa chifukwa mwana wati, "Bambo, chifukwa chiyani?"

Loweruka lino, makolo anzanga, musanapereke nyuzi kwa wachipisi, itanani mwana, mumusankhitse nkhani imodzi, awerenge, ndipo mumufunse maganizo ake musananene anu.