Kubadwira ku Dedza si chiphaso chokwerera Kilimanjaro

Ife a ku Dedza timakonda kudzitama: "Kuzizira? Mapiri? Tinabadwira momwemo!" N'zoonadi, tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Koma ngati gulu lanu likusonkherana za ulendo wa ku Tanzania, kukaona Dar es Salaam ndi Arusha kenako n'kukwera Kilimanjaro, matamawo muwasiye pa Linthipe.

Phiri la Dedza limathera pa mamita pafupifupi 2,200, pomwe Kilimanjaro amafika 5,895. Munthu ukapitirira 2,500, thupi limayamba kuperewera mpweya: mutu kuwawa, nseru, chizungulire, tulo osabwera. Izi sizisankha kuti uyu ngwamphamvu kapena ngwakumapiri.

Choopsa paulendo wa gulu ndi manyazi. Mwalipira limodzi, aliyense akufuna chithunzi cha pansonga choti aike pa WhatsApp, ndiye wodwala amangoti zii, kuopa kuchedwetsa anzake. Musatero. Uzani wotsogolera ulendo msanga, ndipo akati tsikani, tsikani basi. Matendawa akakula amapha, ndipo mankhwala ake enieni n'kutsika.

Musanalipire, funsani masiku okwera phirilo. Masiku 5 ndi othamanga. Pa masiku 7 thupi limapeza mpata wozolowera. Onaninso kuti pasipoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6. Nsapato zatsopano zizolowereni paphiri lathu lomweli, chikwama chili kumsana. Tengani majuzi ovala mophatikiza, osaiwala zopepuka, poti ku Dar es Salaam n'kotentha.

Mukabwerera panjira, musadandaule. Phiri silisamuka, mudzalipeza. Kunyumba akudikira inuyo, osati chithunzi.