Kodi filimu amaisenza ndi amene dzina lake lili pamwamba yekha?

Bill Hunter anamwalira ndi khansa pa 21 Meyi 2011 mumzinda wa Melbourne ali ndi zaka 71. Ambiri amene anaonerapo mafilimu a ku Australia nkhope yake amaidziwa, koma dzina ayi. N'chifukwa chiyani munthu amene anasewera m'mafilimu ndi pa wailesi yakanema kwa zaka zoposa 50 timamutchula kuti "bambo aja"?

Kodi luso linamuperewera? Ayi ndithu. Mu 1978 anapatsidwa udindo wa mtengambali wamkulu mufilimu ya Newsfront, yonena za ojambula nkhani, ndipo bungwe la Australian Film Institute linamupatsa mphoto ya katswiri woposa onse chaka chimenecho. Kutsogolera ankatha. Komabe nthawi zambiri ankamuika pambali pa ena, ndipo pambalipo m'pamene anachita zazikulu.

Taonani filimu ya Gallipoli ya mu 1981, imene anaongolera Peter Weir. Hunter ndi Major Barton, mkulu wa asilikali amene walamulidwa kutumiza anyamata ake kumene mfuti za adani zikulavula moto. Waima m'ngalande ya nkhondo, maso pa wotchi, wezulo ali m'manja. Akudziwa kuti akangoiimba, ana a eni atha onse. Wapempha kuti lamulo lisinthe, koma akuluakulu akana. Sakuwa, salira, chisoni chonse chaunjikana pankhope, ndipo iye mwini akonzeka kutuluka nawo limodzi. Mel Gibson, amene ankathamanga ndi uthenga wopulumutsa anyamatawo, anakatchuka dziko lonse. Koma kodi liwiro lakelo likanatigunditsa mtima pakanapanda nkhope ya munthu wodikira uthengawo?

Pakati pa 1992 ndi 1994, mafilimu atatu anakweza dzina la Australia kunja, ndipo Hunter ali monsemo. Mu Strictly Ballroom ya Baz Luhrmann ndi Barry Fife, mkulu wa bungwe la zovina wokonda chinyengo. Mu Muriel's Wedding ndi Bill Heslop, wandale wakatangale amene amanyoza ana ake omwe patebulo pamaso pa alendo. Mu The Adventures of Priscilla, Queen of the Desert ndi Bob, makaniko wofatsa wa kuchipululu amene amalemekeza anthu omwe ena akuwatonza. Thupi ndi lomwelo, mawu okhuthala ndi omwewo, koma anthu atatu osiyana kotheratu. Ndi angati mwa otchuka amene angatiopse ndi kutitonthoza m'chaka chimodzi, ife osaona msoko?

Toni Collette, Guy Pearce ndi Hugo Weaving, amene anasewera naye m'mafilimuwa, anapeza mwayi waukulu kunja, ndipo anauyenera. Hunter, mwana wa ku Ballarat, ntchito yake yaikulu anaigwirira kwawo. Ngakhale mu Finding Nemo ya mu 2003, mawu ake anali a dokotala wa mano wa ku Sydney. Kodi kukhalitsa kwanu n'kulephera? Anayamba ndani kuyeza ukulu wa katswiri ndi mtunda umene wayenda kuchoka pakhomo?

Anthu ngati Hunter ali ngati mafuwa: mphika wonse umakhala pa iwo, koma pakudya palibe awatchula. Kudzera mwa iwo dziko limamva kalankhulidwe kake ndi kudziona lokha, ukoma ndi kuipa komwe, mwa bambo wouma mtima, msilikali womvera ndi mmisiri wachifundo.

Choncho tikufunsa opanga mafilimu, olemba nkhani ndi opereka mphoto ku Australia. Kodi mukulembabe mbali zokhala ndi mnofu za amuna ndi akazi achikulire amene sadzakhala pachikwangwani? Kodi mukuwalipira mokwanira kuti akalambire pantchitoyi? Nafe oonera tili ndi gawo lathu: filimu ikatha tisafulumire kudzuka, tiwerenge mayina onse, ndipo amene watikhudza mtima timutchule dzina lake akadali moyo.