Chakudya cha Danieli ku Babulo

Buku la Danieli 1:5 likutiuza kuti mfumu Nebukadinezara inalamula kuti Danieli ndi anzake azipatsidwa chakudya tsiku ndi tsiku kwa zaka zitatu za maphunziro awo. Ngakhale mfumu yosaopa Mulungu inazindikira kuti wophunzira wanjala sangaganize mozama.

Abale ndi alongo, mwana wathu wa kuno ku Njewa akapeza thandizo lochitira maphunziro a PhD ku Bunda, ife timayesa kuti walemera. Wina amupempha feteleza, wina fizi, wina bokosi la maliro. Komatu ndalama imeneyo si malipiro ayi. Ndi ya lendi, chakudya ndi maulendo a kafukufuku, ndipo mphamvu yake inachepa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kodi si ife tidzadye zipatso za kafukufuku wake wa mbewu ndi nsomba? Tiyeni timupepuze katundu, ndipo mipingo yathu imukumbukire m'zopereka. Nayenso wophunzirayo asamale ndalamazo mokhulupirika, monga Danieli anakana kudzidetsa.

Ambuye atipatse mtima wodikira zokolola. Amen.