Mbaula ya infrared: moto ulipo, nanga kulimba?

Anzanga a kanyenya, chikhwimitsireni zilango za makala osaloledwa mu 2020, ambiri mwayamba kuponya maso pa mbaula zowotchera nyama za gasi. Imene eni sitolo akuichemerera kwambiri ndi ya infrared.

Iyi ilibe lawi lalitali. Gasi amayakira pa phale ladongo lowotcha, la timabowo tambirimbiri. Phalelo limafiira psuu n'kumaponya kutentha molunjika pa nyama. Mphindi zochepa yakolera kale, osati zokupiza zija mpaka mkono kuwawa. Nthuli yopyapyala ya ng'ombe imapsa kasitomala asanathe kuwerenga chenji.

Koma nkhuku ya mafupa? Aaa, kunja bii, m'kati magazi. Moto wake ngwaukali, ndipo pa mbaula zambiri sutsika kwenikweni ngakhale muchepetse gasi. Kafungo ka makala kaja kokoka anthu kuchokera kudepoti, iwalani.

Pogula musakomedwe ndi kunyezimira. Pitani ndi maginito. Akamata pa chitsulocho, dziwani kuti si chija chapamwamba, mchere ndi mvula zidzachidya msanga. Gwedezani miyendo, dinani chivundikiro. Chikabonyoka ngati chitini, isiyeni.

Nkhani yaikulu ili pa phale lija. Silichedwa kusweka: madzi ozizira angogwerapo litafiira, kapena mbaula igunde poikankha pa wilibala, basi kwatha. Mafuta a nyama nawo amatseka timabowo. Ndiye funsani kaye ngati phale lina limapezeka m'sitolomo. Mwini wake akayamba kukanda m'mutu, ndalama zanu zibwerere m'thumba.

Paipi muipake thovu la sopo musanayatse. Likamafufuma, gasi akudontha.