Toyota 86 si galimoto ya ku famu

Akonzi,

Ndikutsutsa zimene mlembi wina analangiza achinyamata, zoti Toyota 86 ikhoza kukhala galimoto yokhayo pakhomo. Mwina m'tauni monga ku Borrowdale, koma osati kwa ife okhala m'mafamu a ku Banket, Karoi ndi Mvurwi.

Mimba ya galimoto imeneyi imatalikirana ndi nthaka masentimita 13 okha. Mvula ikagwa mu Disembala, msewu wochoka ku famu kukafika pa tala umakhala matope ndi zigwembe zokhazokha. Mudzaitulutsa ndi thirakitala! Ili ndi zitseko ziwiri, ndipo kumbuyo munthu wamkulu sangatambasule miyendo. Matumba a feteleza a makilogalamu 50 mudzaika pati? Nanga mabelo a fodya opita ku okushoni ku Harare? Agogo akadwala usiku, mudzawapinda bwanji kuti mukafike nawo kuchipatala ku Chinhoyi?

Wokonda liwiro agule Subaru Forester, yomwe mimba yake ili pamwamba ndipo imakoka ndi mateyala onse anayi. Mlimi wa fodya agule Hilux, yomwe makaniko aliyense amaidziwa. Chonde, musanalangize anthu a kuno, dzayambeni mwayendapo m'misewu yathu nthawi ya dzinja.

Ine wowerenga wanu,
Banket, Mashonaland West